Che Amisi ndi Khoma Lokana Njereza

Che Amisi anaikidwa Lachisanu, m'mwezi wa Juni, m'kuzizira kwa Lichinga kuja koti ngakhale agalu amakana kutuluka. Amuna ananyamula jeneza kupita kumanda, ife amayi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wa Chisilamu, ngakhale ine ndine Mkhristu. Tili chikhalire, mayi wina amene wabwera m'dera lathu lino la Chiuaula dzulodzuloli anati, "Koma agogo aja mutu sunkagwira, eti? Munthu wojambula zopanda kanthu!" Anzake anabisa kuseka m'makapulana, nsalu zimene ena amati zitenje. Pamaliro sayambanirapo, ndiye mawu anga ndinawameza. Koma ndawameza mokwana, ndipo pano ndikuwalavula.

Ndinakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi awiri, mpanda wa udzu umodzi. Ntchito yanga inali yolemba pa makina ku ofesi ya dera lathu, limene timati bairo, ndiye iwo dzina langa la Lusiya analitaya, n'kumandiitana Dona Makina. Anali munthu wamtali, wowonda, wa kofia yoyera ndi jekete lausilikali limene mabatani ake anatha kalekale. Zikhadabo zawo zinali zofiira ndi katondo chaka chonse. Poyenda mumsewu sankayang'ana anthu, ankayang'ana makoma, diso limodzi atatsinzina, ndipo ukawapatsa moni ankayankha utadutsa kale. Zaka zawo zomaliza zala za dzanja lamanja zinali zopindika, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Za zalazo ndinena.

Chipululu anachiona ali ndi ndevu zoyamba. Nkhondo yomenyera ufulu isanayambe, anali m'gulu la anyamata amene anatumizidwa ku Alijeriya kukaphunzira mfuti. Anzawo anabwerako ndi nkhani za mfutizo, iwo anabwerako ndi mchenga m'mutu. Ankati tsiku lina anawatengera kutali, kumene kulibe mtengo, kulibe chulu, kulibe ngakhale khwangwala, ndipo anaona kadontho kakuda kumalekezero a dziko. Kuyambira m'mawa kadonthoko kanali pomwepo, ndipo dzuwa lili paliwombo kanasanduka munthu wokoka ngamila. Ankati chibadwire anali asanamuonepo munthu bwino chotero. Kwathu kuno, ankatero, mitengo ndi yambiri, anthu ndi ambiri, zokamba ndi zambiri, ndiye munthu amatha kusowa uli naye pafupi. Koma ukamuchotsera zonse zomuzungulira, ngakhale mphuno yake usaione, umadziwa kuti apo pali munthu. Nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri, ndipo ngamilayo sinasinthe ngakhale tsiku limodzi.

Ufulu utabwera, makoma onse a m'tauni anafuna zithunzi. Paliponse panali mlimi wokweza khasu, msilikali wokweza mfuti, mayi wokweza buku, onse mano pamtunda, osatopa nayo mikono. Che Amisi, poti anali wankhondo wakale wodziwa burashi, anapatsidwa makoma angapo. Anajambula limodzi lokha monga anawauzira, n'kudandaula kuti m'mimba mwawapweteka sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo ankajambula zawo: chigawo chachikulu chofiira, mzere umodzi wa makala wopingasa, mwina kadontho penapake, basi. Penti itasowa m'masitolo, iwo sanaone vuto. Ankakumba katondo, kusinja makala, kusefa phulusa, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi amene ankayenga okha kuseri kwa nyumba, fungo lake n'kumatipeza ife a mpanda umodzi.

Ntchito yawo yaikulu inali kusankha malo osakhudza. Ankatenga nyuzipepala kapena chiguduli, n'kuchikhomera pakhoma, n'kupaka mozungulira, kenako n'kuchichotsa. Malo otsalawo ankawatchula mpata, ndipo ankati chithunzicho ndi chomwecho. Zofiira zonsezo ndi mpanda chabe. Ena ankanong'ona kuti Chisilamu ndicho chimawaletsa kujambula nkhope za anthu. Iwo akamva ankaseka, n'kunena kuti shehe sanawaletsepo kanthu, nkhope amazitha bwinobwino, koma nkhope ya pakhoma imamwetulira zimene wailamula.

Ine ndinayambana nawo koyamba chifukwa cha maluwa. Mwana wanga wachiwiri ankabatizidwa, ndiye ndinawapempha kuti andijambulire maluwa kumaso kwa nyumba, alendo akabwera aone kuti pano pali mayi. Anabwera, anayang'ana khomalo theka la tsiku, anajambula mzere umodzi wachikasu pansi pa windo, n'kunyamula chitini chawo.

"Che Amisi, ine ndinati maluwa!" ndinakuwa pampanda.

"Maluwa ali m'munda mwako, Dona Makina. Ine ndakuikira popumulira maso."

Sitinalankhulane masabata awiri. Mzerewo ulipobe, ndipo ndivomere mochita manyazi kuti ndikatopa ndimakhala pakhonde n'kumauyang'ana.

Mwana anali naye mmodzi, Awetu. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anakula akusinja makala ndi bambo ake. Anali mtsikana wa phokoso, woseka ndi thupi lonse, ndipo ndi yekhayo amene ankatha kuwauza Che Amisi kuti chithunzi ichi ndi chonyansa, iwo n'kungoti eya. Anakwatiwa ndi msilikali amene posakhalitsa anatumizidwa kum'mwera. Ukwatiwo unamangidwa pamaso pa shehe ndi mboni, mbuzi inaphedwa, bairo yonse inadya, ndipo a Bonifasiyo, mlembi wa bairo amenenso anali bwana wanga, anadya nawo mpaka kupempha chiwindi. Chimene panalibe ndi pepala la boma.

Kenako chinafika chaka chimene boma linalamula kuti m'matauni musakhale anthu opanda ntchito. Aliyense ankayenera kuonetsa mapepala, ndipo mkazi wopanda pepala la ntchito kapena la ukwati ankayesedwa woyendayenda. Oterowo ankakwezedwa pa lole kupita kutchire kukalima. Awetu anamugwira Lachiwiri m'mawa pamsika, atapita kukagula nyemba. Anati ndine wokwatiwa, iwo anati pepala. Kapulana yake yabuluu inali itayanikidwa pampanda wathu uja, isanaume n'komwe.

Masana omwewo mayina a otengedwa anafika pa tebulo langa, ndipo ndinawalemba onse, la Awetu lili pakati. M'mawa mwake a Bonifasiyo analowa nkhope itagwa. Anali atazindikira kuti atumiza kutchire mwana wa wankhondo wakale, mkazinso wa msilikali, ndipo akuluakulu akamva, mutu wodulidwa ndi wawo.

"Kamarada Lusiya, pepala ili lalakwika. Lembaninso. Mzere uwu mudumphe."

Ndinali ndi ana atatu, ndipo loleyo ndinali nditaiona ndi maso anga. Ndinalembanso. Ndakhala ndi manyazi a tsiku limenelo moyo wanga wonse, ndipo sindikufuna munthu wondipepesa.

Che Amisi anabwera ndi khadi lawo la usilikali m'manja. A Bonifasiyo anawayalira mndandanda watsopano uja.

"Onani nokha, kamarada. Nada. Dzina lake palibe. Mwina wathawira ku Malawi ndi mwamuna wina, atsikana a masiku ano mumawadziwa."

Ndinayembekezera kuti tebulo ligubuduzika. Ayi. Anatenga pepalalo, analitalikitsa, anatsinzina diso limodzi monga ankachitira ndi makoma, kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana makina anga. Anayenda maofesi onse a mu Lichinga miyezi iwiri, ndipo kulikonse yankho linali lomwelo: munthu amene sali pa mndandanda sanatengedwe, ndipo munthu amene sanatengedwe sangabwezedwe.

Patapita miyezi ingapo tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku likulu la dziko. Khoma la nyumba ya misonkhano, lija loyang'ana kumsewu, linali lotuwa, ndipo munthu wokhala ndi zopakira mu Chiuaula monse anali mmodzi. A Bonifasiyo anawaitana, n'kuwauza kuti ajambule alimi osangalala akukolola m'midzi yatsopano. Che Amisi anavomera msangamsanga. Tikanakhala anthu anzeru, kuvomera kumeneko kukanatiopsa.

M'mawa mwake anabwera ndi zitini zawo, makwerero ndi kapulana yabuluu ija. Anaikhomera pakhoma choimirira, m'munsi mwake mutakhudza pansi, n'kuyamba kupaka. Anapaka masiku atatu, ndi chiguduli komanso ndi zikhato, osalankhula ndi munthu. Khoma lonse linafiira kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo mzere wakuda unadutsa chopingasa pa msinkhu wa chifuwa, n'kudukira pansalupo, n'kupitirira mbali inayo. Tsiku lachitatu anazula misomali, anapinda kapulana, n'kuiika m'jekete. Panatsala mpata wotuwa, wa msinkhu wa mkazi woimirira. Kapulanayo mu Chiuaula munalibe wosaidziwa. Amayi opita kumjigo akafika pamenepo nkhani zinkawathera.

A Bonifasiyo atafika anagwira m'chiuno.

"Epa! Alimi aja ali kuti, kamarada?"

"Anapita ndi lole," anatero Che Amisi akutsuka m'manja.

"Mudzaze apa. Lero lomwe. Ikanipo munthu wa khasu, pronto."

"Katondo watha."

Katondo kutha mu Lichinga! Koma mlendo ankafika m'mawa mwake, ndipo wina woti n'kukonza panalibe. Madzulo a tsikulo ndinaitana Che Amisi pampanda.

"Baba, ndapota nanu. Akakufunsani mawa, mudzanene kuti ndi khomo lolowera ku tsogolo. Mawu otere amawakonda. Mudzapulumuka."

"Dona Makina, iwe unadumpha mzere. Ukufuna nanenso ndidumphe?"

Ndinafunsa kuti anawauza ndani.

"Pepala lako lomwe. Mayina onse ali mothithikana, koma pakatikati pali malo a munthu mmodzi opanda kanthu. Bwana wako amawerenga zolembedwa. Ine ndimawerenga zosiyidwa."

Kunena zoona, sindikudziwa mpaka lero ngati ndinachita dala kapena ndi dzanja lokha limene linapotokola makina kawiri. Ndinalira pampanda pomwepo. Iwo sanandinyoze, sananditonthozenso. Anangonditumiza kuti ndikaone ana.

Mlendoyo anali bambo wamfupi wa magalasi. Ana a sukulu anaimba, amayi anavina, ife a mu ofesi tinaima pamzere titadzola mafuta. Atafika pakhomapo anaima, n'kufunsa m'Chipwitikizi kuti chimenechi n'chiyani. A Bonifasiyo anathamangira kutsogolo n'kuyamba za khomo la tsogolo, mawu anga omwe aja, poti ndinali nditawapatsanso iwo. Che Amisi anawadula pakamwa. Analankhula m'Chinyanja, mokweza, kuti amayi onse amve.

"Si khomo limenelo. Apa ndi pa Awetu, mwana wanga. Anatengedwa Lachiwiri pamsika chifukwa cha pepala. Ku ofesi akuti sanatengedwe. Ndiye ndamuika pano, kuti ngati akusowa, azisowa poonekera."

Ng'oma zinaleka zokha. Mlendoyo analamula womutanthauzira kuti anene zonse. Atamva, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Kamarada, inu ndinu wankhondo wakale, mwambo mumaudziwa. Khoma ili ndi la anthu onse, si lolirirapo munthu mmodzi. Mudzaze malo amenewa."

"Mubwere naye," anatero Che Amisi. "Ndimuimika pamenepo, padzaza."

Che Amisi anatengedwa dzuwa lisanapendeke. Tinamva pambuyo pake kuti anawamanga mikono kumbuyo ndi chingwe chonyowa, n'kuwasiya choncho mpaka zala zinafa. Anasowa miyezi inayi. Kalata yolamula kuti khomalo lipakidwe njereza ndinailembanso ine, pa makina omwewo. Anapaka kawiri, mokhuthala, ndipo chilimwe chonse khomalo linali mbee, a Bonifasiyo n'kumadutsapo chifuwa chili patsogolo.

Mvula yoyamba inagwa masiku awiri osakata. Itakata, ndinamva ana akukuwa kumsewu, ndipo ndinatuluka ndi chitenje kumutu. Njereza inali itasupuka pofiira ponse ngati khungu la mbatata yophika, n'kuunjikana m'munsi mwa khoma. Inakanirira malo amodzi okha, pamene pulasitala inali yosapakidwa mafuta ndipo inaimwa bwinobwino. Mpata uja, umene poyamba unali wotuwa, tsopano unali woyera mbee pakati pa kufiira, woonekera kuchokera kumsika. Amayi ena anaomba m'manja, ena anagwira pakamwa. Ine ndinaseka mpaka misozi, koyamba chichokere Awetu.

Anapakanso, mvula inasupulanso. Pofuna kupaka kachitatu njereza inali itasowa, chifukwa nkhondo inali itadula njanji ndipo sitima sinkafikanso. Kupala khomalo kunkafuna simenti yokonzera, ndipo simenti inasowa njereza isanasowe.

Che Amisi anabwerako atatha thupi, zala zitapindika. Asanalowe ndi m'nyumba momwe anapita kukaima kutsogolo kwa khomalo, anatsinzina diso, n'kuyamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Alhamdulillah, andimalizira ntchito. Njereza ndi imene ndinalibe."

Nditawafunsa ngati ankadziwa kuti zidzatero, anati mafuta ndi njereza ndi apongozi, sakhalirana mphasa imodzi, ndipo aliyense amene anapakapo nyumba amadziwa zimenezo, kupatula anthu a m'maofesi.

Burashi sanaigwirenso. Zaka za nkhondo zinadzaza Lichinga ndi anthu othawa kumidzi, ndipo panalibe banja lopanda munthu wosowa. Amayi ena, amene Awetu sanamuonepo, anayamba kumaima pakhomapo popita kokatunga madzi. Angapo anabwera kudzawapempha kuti awatsegulire mipata ya ana awo. Iwo ankakana, n'kunena kuti mpata umodzi ndi wokwana, chifukwa mulibe nkhope, ndipo aliyense amakwanamo. A Bonifasiyo anasamutsidwa. Mwamuna wa Awetu anafera kum'mwera komweko, osadziwa n'komwe kuti mkazi wake anatengedwa.

Mkangano wawo womaliza unali ndi abale awo a kunyanja. Mtendere utabwera, malole anayamba kubweza anthu, ndipo Che Amisi ankakhala pamwala wina tsidya la msewu, moyang'anana ndi khomalo, kufunsa aliyense wotsika za Awetu. Wina anati anamuona pa msasa umene pambuyo pake unatenthedwa. Wina anati anamva kuti anaoloka malire. Chaka chitatha abale anabwera kuti achite sadaka, mzimu wa mwanayo uuse. Che Amisi anawathamangitsa ndi ndodo, munthu wokalamba chotero.

"Sadaka ndi ya akufa! Ndani mwa inu anasambitsa mtembo wake? Wallahi, mpunga umenewo mukadyere kwanu!"

Anapita atakwiya, ndipo ena anadzabweranso pa maliro okha.

Kutatsala sabata kuti amwalire, anandiitana pampanda. Anali atafunda bulangete, kapulana yabuluu ili m'manja mwawo mopindika muja.

"Akabwera, umupatse. Akapanda kubwera, usapatse munthu. Ndipo pakhoma paja pasadutse burashi."

"Bwanji ine, baba? Ine amene ndinadumpha mzere?"

"Chifukwa unasiya mpata," anatero, n'kutembenuka kulowa m'nyumba.

Nyumba ya misonkhano ija pano ndi sitolo. Mwezi usanathe chiikire Che Amisi, mwini sitoloyo anabwera ndi mmisiri, akuti malo oyerawo akhala bwino kubowolapo windo logulitsira. Mdzukulu wanga atandiuza, ndinasiya mbale zili m'madzi. Ndinafika ndi kapulana, ndinaitambasula pakhomapo pamaso pawo, ndipo inakwana ndendende, ngodya ndi ngodya, mabowo a misomali ali pomwe anali.

"Mayi, kodi malo amenewa ndi anu?" anafunsa mwini sitolo.

"Ali ndi mwini wake. Mukafuna kuwagwiritsa ntchito, mubwere naye."

Anandiyang'ana ngati wamisala, ndipo ndinamva kukoma kuti dzina limene ankapatsa Che Amisi lija landigwera ine. Koma amayi ogulitsa mbatata anali ataimirira kale kumbuyo kwanga, ndipo windo analibowola kumbali ina.

Kufiira kuja kwayamba kuzilala, ndipo mzere wakuda mvula yaudya mbali ya kumanzere. Mwala wa Che Amisi ukadali tsidya la msewu, wosalala pamwamba, ndipo a njinga zamoto amaimika pambali pake osaukhalira. M'mawa uliwonse amayi amayala mbatata ndi nyemba m'munsi mwa khomalo, kuyambira ngodya iyi mpaka iyo, mothithikana, kukanganirana malo ngakhale a phazi limodzi. Akafika poyera paja amadumpha, n'kukayala mbali inayo. Ambiri mwa iwo sadziwa dzina lake, ndipo palibe pepala lililonse m'dziko muno limene limati anatengedwa. Koma malo ake alipo, a msinkhu wake, ndipo palibe amene waimapo.